Ntchito yakula: atsogolere ndani, ayendetse ndani? Kuyerekeza njira zisanu

Bizinesi ikafika pa antchito 10 kapena 15, pamayamba kumveka mawu amodzimodzi tsiku ndi tsiku: "Dikirani abwana abwere." Kasitomala akufuna kubweza katundu, adikire abwana. Simenti yatha, adikire abwana. Mlonda waferedwa ndipo akupempha adivansi, adikire abwana. Abwanawo ali pamzere ku banki, foni ikungolira m'thumba. Eni mahadiweya, masukulu apulaiveti, magalaji, mabekale ndi malo ogona alendo akafika apa amayamba kufuna munthu wowapepuza. Ambiri amathamangira kufunsa kuti "ndiikepo ndani?" asanadziwe chimene chikuwalemera kwenikweni.

Pamalo a ntchito pali maudindo awiri osiyana. Wina ndi utsogoleri: kuona kumene bizinesi ikulowera, kusankha choti musiye ndi choti muyambe, kulankhula ndi anthu mpaka amvetse, ndiponso kuima patsogolo zinthu zikavuta. Wina ndi kuyendetsa ntchito: mashifiti, kuwerenga sitoko, malisiti, bajeti, kutolera ngongole, kupereka PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito) ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mu 1990, John Kotter wa ku Harvard Business School anafotokoza kuti kuyendetsa ntchito n'kolimbana ndi kuchuluka ndi kupiringizika kwa zochita, pamene utsogoleri ndi wolimbana ndi kusintha kwa zinthu.

Tinaziona ndi maso kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Panafunika wina woti asankhe kuti katundu wakunja uyu tisiye kuoda, ndi kuuza antchito zoona zokhudza malipiro awo. Panafunikanso wina woti akhale pansi ndi kope, awerengerenso mtengo wa chinthu chilichonse pashelefu, kuti musagulitse lero pamtengo umene simungaodere mawa. Bizinesi imene inali ndi mmodzi yekha mwa anthu awiriwa inapweteka.

Maganizo anga ndi awa, ndipo muwaona m'njira zonse zili m'munsizi: kuyendetsa ntchito mungathe kukupereka konse kwa munthu wina, koma utsogoleri mungangogawako. Ndipo amene mwamupatsa ntchito yoyendetsa popanda mphamvu zolamula, mwangowonjezera dzina pa mndandanda wa malipiro.

Zoyezera

Musanasankhe, kwa sabata imodzi lembani chilichonse chimene antchito akuimbirani foni. Ngati zambiri ndi za makiyi, tchenji, sitoko ndi tchuthi, vuto lanu ndi kayendetsedwe. Ngati ndi mikangano, kugwa ulesi ndi anthu abwino kusiya ntchito, vuto ndi utsogoleri, ndipo manijala watsopano sadzalithetsa yekha.

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo: ndalama zonse zotuluka, osati malipiro okha, kuphatikizapo nthawi yanu. Kapezekedwe: kodi munthu wotere alipodi kumene muli? Kasamalidwe: zimene muyenera kumachita mwezi ndi mwezi kuti njirayo isafe. Zoopsa: chimene chingalakwike, ndi kuvuta kwake kobwerera m'mbuyo.

Njira yoyamba: mwini kusenza zonse

*Mtengo.* Palibe malipiro atsopano, n'chifukwa chake ambiri amakakamira pano zaka zambiri. Chimene mumalipira ndi utsogoleri wanu. PAYE ili ndi tsiku lake, lendi ili ndi tsiku lake, koma kuganizira za chaka chamawa kulibe tsiku, ndiye kumangokankhidwira kutsogolo.

*Kapezekedwe.* Muli kale pomwepo, ndipo palibe amene amaikonda bizinesiyo kuposa inu. Koma thupi ndi limodzi. Malungo akakugwetsani kapena maliro akakuitanani kumudzi, zonse zimaima.

*Kasamalidwe.* Lembani malamulo ochepa oti anthu azitsatira inu kulibe: kuchotsera mtengo kufika pati, ngongole kwa ndani, adivansi kangati. Patulani theka la tsiku pa sabata loti musakhale pa kauntala.

*Zoopsa.* Antchito amasiya kuganiza, popeza aphunzira kuti chilichonse chimathera kwa inu. Ndalama za pakhomo ndi za bizinesi zimasakanikirana. Choopsa chachikulu n'chimene sitikonda kuchitchula: mwini akamwalira, manambala achinsinsi a Airtel Money ndi Mpamba, mayina a angongole ndi mapangano ndi ooda katundu zimapita naye, ndipo banja limatsala ndi mashelefu okha.

Njira yachiwiri: kukweza wantchito wanu wakale

Iyi ndi njira imene ndimaikonda kwa mabizinesi ambiri apakati, koma ndi imenenso anthu amaichita mosasamala kwambiri.

*Mtengo.* Mumawonjezera malipiro a munthu mmodzi, ndipo nthawi zambiri mumalembanso wina wolowa m'malo mwake pa ntchito yakale. Kenako pali maphunziro. Ngati mumalipira ndalama ya TEVET, imene ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito anu, funsani ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, za thandizo la maphunziro a antchito, chifukwa ndalamayo cholinga chake n'chimenecho. Onse pamodzi, mtengo wake umachepabe poyerekeza ndi manijala wochokera kunja.

*Kapezekedwe.* Munthuyo mwina alipo, koma kawirikawiri si amene mukumuganizira. Makaniko wodziwa injini kuposa onse sakhala foromani wabwino chifukwa cha luso la manja ake. Mphunzitsi wokhozetsa ana mayeso sakhala hedi wabwino chifukwa cha zimenezo. Yang'anani amene anzake amapita kwa iye inu mukachoka, amene amalemba zinthu osauzidwa, amene anakuuzanipo nkhani yoipa yekha musanaitulukire. Maphunziro afupiafupi a kayendetsedwe ka ntchito amapezeka ku MUBAS ku Blantyre ndi ku Malawi School of Government, imene ili ndi malo ku Kanengo ndi ku Mpemba. Kwa amene ali kutali ndi mizinda, ndalama ya ulendo ndi malo ogona muiwerengeretu.

*Kasamalidwe.* Apa m'pamene pali ntchito. Munthu amene dzulo ankadya mmemo ndi anzake, lero akuyenera kulemba kuti uje wachedwa. Ngati ndi wamng'ono, akuyenera kulamula anthu a msinkhu wa bambo ake, amene amawatchula kuti achikulire kapena madala. Sangathe yekha. Muitane antchito onse, munene pamaso pawo kuti kuyambira lero za tchuthi, mashifiti ndi ovataimu zizipita kwa iyeyu, ndipo wina akakulambalalitsirani nkhani mumubweze ndi ulemu: "Mwakambirana nawo a supavaiza?" Mukangoyankha nokha kamodzi kokha, mwamuvula udindo onse akuona. Khalani naye pansi sabata iliyonse miyezi yoyamba. Muphunzitseni kuwerenga bajeti, ndiponso kudzudzula munthu pambali osamunyoza. Chachiwirichi ndi utsogoleri, ndipo supavaiza aliyense amafunika kukhala nawo pang'ono, chifukwa mashifiti amalembedwa papepala koma amagwiridwa ndi anthu.

*Zoopsa.* Nsanje ndi yeniyeni, ndipo pali anthu aluso amene amakana kukwezedwa poopa zonenedwa ndi anzawo. Musawaseke, mvetserani. Wina amakondera anzake akale, wina amauma mtima kwambiri pofuna kuonetsa kuti wasintha. Zikakanika, mwataya zinthu ziwiri, mmisiri wabwino ndi supavaiza, chifukwa kumubwezera pa mpando wakale ndi manyazi amene ambiri sangawapirire. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi kalata yonena kuti akugwirizira udindowo kwa miyezi yakutiyakuti, ndi alawansi yake, kuti pakhale khomo lobwerera mwaulemu.

Njira yachitatu: kulemba manijala wochokera kunja

*Mtengo.* Iyi ndiyo yodula. Pa K100,000 iliyonse ya malipiro ake muwonjezerepo K10,000 ya penshoni, popeza lamulo limafuna kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndi K1,000 ya TEVET. Palinso inshulansi ya moyo imene lamulo la penshoni limafuna. Manijala wodziwa ntchito adzafunsanso za nyumba, mayendedwe, mayunitsi ndi chithandizo cha kuchipatala, ndipo zina mwa zimenezi zili ndi msonkho wake umene amalipira ndi wolemba ntchito. Funso loti mudzifunse ndi lakuti: kodi nthawi imene andimasulire ndidzaigwiritsa ntchito yobweretsa ndalama zoposa zimenezi? Ngati yankho simukulidziwa, musafulumire.

*Kapezekedwe.* Ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, mukalengeza ntchito makalata adzabwera mulu, ambiri a achinyamata a madigiri amene sanayang'anirepo munthu. Amene anayendetsapo ntchito zaka zingapo ndi ochepa, ndipo mukulimbirana ndi mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe omwe si aboma. Ku maboma akutali monga Chitipa kapena Nsanje, kumupeza n'kovuta, kumusunga n'kovutirapo. Imbirani foni kumene ankagwira kale. Kalata ya umboni yokha sikwanira.

*Kasamalidwe.* Lembani papepala malire a mphamvu zake: angagule zinthu mpaka ndalama zingati osakufunsani, angalembe kapena kulanga ndani, amasaina nawo cheke kapena ayi. Gwirizanani manambala atatu kapena anayi oti azikupatsani mwezi uliwonse, monga zogulitsa, ngongole zakunja, shoteji ya sitoko ndi ndalama zotsala ku banki. Lamulo la ntchito la 2000 limalola nthawi yoyeserera kwa wantchito waluso mpaka miyezi 12. Muilembe mu kontrakiti, ndipo muigwiritsedi ntchito poona mmene akuchitira, osangodikira kuti ithe.

Koma chofunika kusamalidwa kwambiri pano ndi khalidwe lanu eni ake. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mwini amene walemba manijala koma m'mawa uliwonse amafika n'kusintha zimene manijalayo walamula, akuphunzitsa antchito kuti bwana weniweni ndi mmodzi ndipo winayo ndi wongodutsa. Mukasemphana maganizo, kakambiraneni mu ofesi chitseko chili chotseka. Inu ntchito yanu tsopano ndi ina: makasitomala akuluakulu, banki, malo atsopano, ndi kukumbutsa anthu chifukwa chimene bizinesiyo ilipo.

*Zoopsa.* Mlendo amabwera ndi kachitidwe ka kumene achokera. Mafomu amene ankayenda bwino ku kampani ya antchito 500 angathe kutsamwitsa galaji ya anthu 12. Antchito akale angamukane mwakachetechete. Angaphunzire bizinesi yanu, n'kukatsegula yake ndi makasitomala anu. Angabe, makamaka ngati yemweyo ndiye wooda, wolandira katundu ndi wolipira. Ntchito zitatuzi musaziike m'manja amodzi, kaya munthuyo mumamukhulupirira chotani.

Kumuchotsa sikophweka. Nthawi yoyeserera ikatha, lamulo limafuna chifukwa chomveka, ndiponso kuti munthuyo apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito. Nkhani ikafika ku khoti loona milandu ya pa ntchito (Industrial Relations Court), wolemba ntchito ndiye amayenera kuonetsa chifukwacho. Mukamuchotsa chifukwa bizinesi yavuta, pali ndalama yolipira: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kupitirira apo.

Njira yachinayi: kuika wachibale

*Mtengo.* Umaoneka wochepa chifukwa nthawi zambiri malipiro sakambidwa bwinobwino. Mphwanu akukhala kwanu, akudya kwanu, ndiye mumati zakwana. Iyenso mumtima amati popeza salandira zokwanira, kutapako pang'ono mu kabati si kuba. Mulipireni monga mmene mukanalipirira mlendo, ndi kontrakiti yolembedwa.

*Kapezekedwe.* Achibale osowa ntchito sasowa, ndipo mwina akuchimwene kapena azakhali ayamba kale kukutumizirani mayina. Wachibale wodziwa kuyendetsa ntchito ndiye wosowa, monga mmene alili wosowa pakati pa anthu ena onse.

*Kasamalidwe.* Ayambire pansi. Mabanja a amalonda a ku Limbe amene asunga masitolo awo mibadwo ingapo amazolowetsa ana pa kauntala ndi m'nyumba yosungira katundu asanawapatse makiyi, ndipo pamenepa pali choti tiphunzirepo. Mabuku ake aziwerengedwa ndi munthu wina wosakhala wa m'banjamo. Pa ntchito azikutchulani monga mmene ena onse amakutchulirani. "Amalume" azithera pa geti.

*Zoopsa.* Antchito sadzakuuzani akaona cholakwika, chifukwa amadziwa kuti mawa inu ndi iye mudzakhala pa mwambo umodzi, iwo ali kunja. Aluso amachoka akaona kuti mpando wapamwamba ndi wa magazi. Ndipo kumuchotsa sikuthera mu ofesi: kumafika kumudzi, kwa amayi anu, mwinanso kwa ankhoswe ngati ndi wa kuchikamwini kapena mlamu. Komabe sindingaikane njirayi. Ngati mukufuna kuti bizinesi idzapitirire inu mutapita, wina wa m'banja ayenera kuphunzira osati kuyendetsa kokha komanso kutsogolera, ndipo zimenezo zimatenga zaka.

Njira yachisanu: kubwereka dzanja pa mbali imodzi

Apa mumatenga akauntanti kapena katswiri wa za antchito woti azibwera masiku ochepa pa mwezi.

*Mtengo.* Mumalipira ntchito imene wagwira basi, mogwirizana.

*Kapezekedwe.* M'mizinda alipo ambiri. Wa mabuku a ndalama mufufuze ngati ali membala wa ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi.

*Kasamalidwe.* Amagwira ndi zimene mwamupatsa. Malisiti akasowa, lipoti lake ndi lopanda pake, choncho pafunikabe kalaliki wosunga mapepala tsiku ndi tsiku.

*Zoopsa.* Amakonza mapepala, sayang'anira anthu. Lolemba m'mawa wantchito akapanda kubwera, iye kulibe. Ena amadalira kwambiri munthu wotere mpaka osadziwanso manambala a bizinesi yawo.

Njira iti kwa ndani

Ngati muli ndi antchito osapitirira 8 pamalo amodzi, senzani nokha, koma lembani malamulo aja ndipo mutenge akauntanti wa masiku ochepa kuti za msonkho zisakudyereni tulo. Manijala wa malipiro onse pa msinkhu uwu amangomeza phindu.

Ngati antchito ali pakati pa 10 ndi 30 ndipo ntchito yanu ndi ya manja, monga galaji, bekale, ukalipentala kapena malo odyera, kwezani wa m'kati. Amisiri amamvera munthu amene akudziwa kuti anagwirapo sipanala kapena anaotchapo buledi. Muphatikize ndi njira yachisanu pa za mabuku, chifukwa kumeneko ndiye kumene wokwezedwayo amafooka kawirikawiri.

Ngati mwatsegula nthambi yachiwiri m'boma lina, kapena mwayamba kuchita malonda ndi makampani ndi boma kumene kumafunika mapepala opikisanira ntchito (ma tender) olembedwa bwino ndi malipoti, lembani wakunja. Chitani zimenezi pokhapokha ngati mwakonzeka kuchoka pa kauntala. Ngati mumtima mukudziwa kuti simungapirire kuona wina akusankha mosiyana ndi inu, bwererani ku njira yachiwiri, muzigawa mphamvu pang'onopang'ono.

Ngati vuto lanu ndi lakuti anthu abwino akuchoka, kapena pa ntchito pali magulu odana, musalembe aliyense kaye. Imeneyo ndi ntchito ya mtsogoleri, ndipo mtsogoleriyo ndinu. Khalani pansi ndi antchito mmodzimmodzi, mumve, mukonze zimene zili zanu, kenako muone ngati pakufunikabe munthu wina.

Sukulu yapulaiveti, kopaletivi kapena bungwe la mpingo lili ndi mwayi woti maudindo awiriwa ndi ogawika kale: komiti kapena bodi imapereka njira, hedi kapena manijala amayendetsa. Chofunika ndi kulemba malire, kuti wapampando asamagule choko ndipo manijala asamasinthe fizi yekha.

Ngati zaka zapita ndipo mukuganiza za mawa la banja, yambani kuphunzitsa wachibale tsopano, pansi pa supavaiza amene si wachibale, ndipo muuze antchito poyera chimene mukukonza.

Kwa amene muli ku Johannesburg, ku Britain kapena kwina ndipo bizinesi ili kumudzi, njira yoyamba kulibe, ngakhale muziimba foni katatu pa tsiku. Wachibale yekha popanda womuwerengera mabuku ndiye njira yoopsa kuposa zonse. Ikani woyendetsa mmodzi wa kontrakiti, kaya ndi wachibale kaya mlendo, ndi akauntanti wosiyana naye amene amatumiza lipoti kwa inu mwachindunji. Ndalama zogulitsa zizilowa ku akaunti ya banki ya bizinesi imene mungathe kuiona pa foni, sitoko iziwerengedwa mwezi uliwonse ndi anthu awiri, ndipo mukabwera kudzacheza, patulani tsiku lolankhula ndi antchito woyendetsayo palibe.